Mphika wonyezimira umene unkalira misozi, ndi momwe amayesera mapaipi a stainless steel

Lolemba lina mu June, belu la phunziro loyamba lisanalire, bambo amene amatiphikira pasukulu anandiimitsa pakhomo la labotale. Amene mumakhala kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi mukukudziwa kuzizira kwa mwezi umenewu, kuja kumachititsa aliyense kupeza chifukwa chodutsira kukhitchini. Koma tsikuli bambowa sankaseka.

"Aphunzitsi, inu a sayansi, tabwerani mudzaone malodza. Mphika wanga ukulira misozi koma bowo sindikuliona."

Ndinawatsatira. Mphika wake ndi waukulu uja wophikira nyemba za ana ogonera pasukulu, wa stainless steel, wokhazikika m'chitofu cha njerwa. Unkanyezimira bwinobwino, dzimbiri ngakhale pang'ono ayi. Koma akathiramo madzi n'kusonkha moto, timadontho tinkatuluka m'munsi, pafupi ndi msoko umene anawotcherera, n'kumagwera pamakala kuti tswii. Moto ukazima, kudontha nakonso kunkaleka.

Nkhaniyi sinali yamasewera. Mphika wotere ukatseguka uli pamoto, madzi owira amathera pamiyendo ya wophika. Komanso teremu imeneyo sukulu inalibe ndalama yogulira wina, ndiye kuti ndiwo za ana zinali pachiswe.

Nditaifotokoza nkhaniyi mu Fomu 3, mtsikana wina wa kumbuyo anakweza mkono. "Sala, si inu nomwe munatiuza kuti stainless sichita dzimbiri?" Kalasi yonse inaseka. Zoona, ndinanenadi. Koma ndinanena theka la nkhani. Theka linalo ndi limene limasowetsa tulo mainjiniya osamalira mapaipi a m'mafakitale, ndipo ndi limene ndikufuna tikambirane lero.

Khungu losaoneka ndi maso

Chitsulo wamba, monga cha khasu kapena msomali, chikakumana ndi madzi ndi okosijeni chimachita dzimbiri. Dzimbiri limafufuma n'kukanganuka, chitsulo cha pansi n'kukhalanso pamtunda, nacho n'kudyeka. Zimapitirira choncho mpaka khasu litatha.

Mu 1913, Harry Brearley wa mumzinda wa Sheffield ku England ankafufuza chitsulo choti mipope ya mfuti isamaperepeseke msanga. Anapeza kuti chitsulo chimene anasakanizamo chromium wochuluka sichinkachita dzimbiri monga zinzake. Lero chitsulo chimatchedwa stainless ngati chili ndi chromium wosachepera magawo 10.5 pa 100 alionse. Mtundu wofala kwambiri, wa masipuni ndi miphika, umatchedwa 304: uli ndi chromium magawo 18 ndi nickel magawo 8. Wina wolimbirapo pamchere ndi 316, umene amawonjezeramo molybdenum magawo 2 kapena 3.

Chinsinsi chake n'chakuti chromium amagwirana ndi okosijeni wa mumpweya n'kupanga kakhungu kophimba chitsulo chonse. Kakhunguka n'kopyapyala kuposa tsitsi lanu maulendo opitirira 10,000, koma sikalola madzi kudutsa. Mukakanda sipuni ndi mpeni, kakhungu katsopano kamamera pomwepo. N'chifukwa chake m'mijigo yambiri ya Afridev, ija inayambira kuyesedwa kuno kwathu kuchigwa cha Livulezi ku Ntcheu kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, mumapezeka ndodo za stainless ndi mapaipi apulasitiki. Chitsulo wamba m'madzi ena apansi sichichedwa kudyeka.

Ndiye stainless ndi chitsulo chimene chavala chikopa chodzipoletsa chokha. Funso n'lakuti, kodi chimachitika n'chiyani chikopacho chikalephera kupola?

Mafuwa atatu

Mphika sukhazikika pa mafuwa awiri. Vuto limene linagwira mphika wathu nalonso limafuna zinthu zitatu pamodzi. Pa Chingerezi amalitcha stress corrosion cracking, kutanthauza kung'aluka kobwera chifukwa chitsulo chikukokeka kwinaku chikudyeka.

Fuwa loyamba ndi kukokeka. Musaganize kuti mpaka wina achite kuchikoka ndi chingwe. Wowotcherera akamalumikiza zitsulo, pamsoko pamasungunuka, kenako pozizira pamafuna kufupika. Chitsulo chozizira cha m'mbali chimakana. Ndiye msokowo umatsala uli chikokekere moyo wake wonse, ngati chingwe cha gitala, ngakhale mphika uli phee pashelefu.

Fuwa lachiwiri ndi chloride, uja ali mumchere wathu wa patebulo. Chloride amaboola kakhungu kaja pamalo ofooka ndipo amaletsa kuti kamerenso.

Fuwa lachitatu ndi kutentha. Pa stainless ya mtundu wa 304 ndi 316, mainjiniya amayamba kuda nkhawa kutentha kukapitirira madigiri 60. Kutentha kumafulumizitsa kudyeka, komanso kumaumitsa madzi n'kusiya mchere wokhawokha. Thovu la nyemba likasefukira n'kutsikira kunja kwa mphika, madzi amauluka koma mchere umatsalira pamsoko pomwepo. Mawa lake wina amawonjezekera.

Atatuwa akakumana, pamayamba kabowo kakang'ono ngati nsonga ya singano. Apa kumbukirani amayi ogulitsa nsalu pamsika wa Mponela. Sang'amba chitenje ndi mphamvu zokha ayi. Amayamba adula pang'ono ndi sizasi, kenako n'kukoka, nsalu n'kumvera. Mphamvu yonse imasonkhana pansonga ya podulidwapo. M'chitsulo zilinso chimodzimodzi. Kukokeka kumang'amba kakhungu pansonga ya kabowo, chloride n'kudya chitsulo chimene chaonekera, mng'alu n'kusuntha pang'ono. Kakhungu kakati kamere, kamang'ambidwanso. Mng'aluwo umalowa m'kati mwa chitsulo n'kumachita nthambi ngati mizu ya udzu, pamene pamwamba pakunyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa 9 May 1985, denga la konkire la dziwe losambiramo mumzinda wa Uster ku Switzerland linagwa n'kupha anthu 12. Linkalendewera pa ndodo za stainless steel. Nthunzi ya madzi othiridwa klorini inkasiya chloride pandodozo kwa zaka zambiri, ndipo zinang'aluka ngakhale kutentha kwa m'chipindamo kunali kochepera madigiri 60 aja. Kuyambira pamenepo akatswiri anadziwa kuti nambala imeneyi si mpanda woti n'kuudalira mwachimbulimbuli.

Paipi ya zitsulo ziwiri

Tsopano tichoke kukhitchini tipite kufakitale. Taganizirani malo ngati fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, kutsidya kwa mapiri athuwa, kumene nthunzi yotentha ndi madzi a nzimbe zimayenda m'mapaipi usana ndi usiku. Kapena malo oyengera mafuta, kumene m'paipi mumadutsa zinthu zotentha madigiri mazanamazana, zamchere, zokankha makoma mwamphamvu. Injiniya amafuna paipi yolimba komanso yosadyeka. Chitsulo wamba n'cholimba ndiponso chotchipa, koma chimadyeka. Stainless sidyeka wamba, koma mtengo wake ndi wokwera kangapo.

Njira imene anapeza ndi kuphatikiza ziwirizi. Kunja amaika chitsulo wamba chochindikala kuti chisenze mphamvu yonse. M'kati amayalamo stainless, kapena chitsulo china cha nickel wambiri, chochindikala pafupifupi mamilimita 3 basi, kuti ndicho chizikhudzana ndi zamadzimadzizo. Imeneyi ndiyo amati clad pipe. Ena amapanga popsinja mapepala awiri achitsulo ali otentha mpaka atagwirana, kenako n'kuwapinda kukhala paipi. Ena amawotcherera stainless m'kati monse mzere ndi mzere. Enanso amalowetsa paipi yopyapyala m'kati mwa yaikulu n'kuifufumitsa ndi madzi opopedwa mwamphamvu mpaka itakanirira.

Nzeru yabwino, koma ili ndi msampha umene wa Fomu 3 aliyense angathe kuuwerengera. Mukukumbukira kachitsulo ka mitundu iwiri kamene kamapindika tikakaika pamoto mulabotale? Zitsulo sizitalika mofanana zikatentha. Mita imodzi ya chitsulo wamba imatalika pafupifupi mamilimita 0.012 pa digiri iliyonse. Ya stainless ya 304 imatalika pafupifupi 0.017.

Tengani paipi ya mamita 10, muitenthetse ndi madigiri 200. Chitsulo wamba: 0.012 × 10 × 200 = mamilimita 24. Stainless: 0.017 × 10 × 200 = mamilimita 34. Kusiyana kwake ndi sentimita yathunthu. Koma ziwirizi n'zomatana, palibe chimene chingapite chokha. Ndiye paipi ikamatentha n'kuzizira, kutentha n'kuzizira, zitsulozi zimakhala zikukokanakokana pamalire pawo. Fuwa loyamba lija lapezeka kale popanda wolibweretsa.

Msampha wachiwiri uli pamsoko. Stainless ikakhalitsa pa kutentha kwa pakati pa madigiri 450 ndi 850, monga zimachitikira m'mbali mwa powotcherera, chromium amagwirana ndi kaboni m'malire a timibulu ta chitsulocho. M'malire amenewo chromium wopangira khungu amachepa, ndipo mng'alu umapeza njira yolambulidwa kale. N'chifukwa chake pali mitundu ya 304L ndi 316L, imene kaboni wake sapitirira magawo 0.03 pa 100. Koma mu clad pipe, chitsulo wamba chokhala ndi kaboni wambiri chagundana ndi stainless, ndipo wowotcherera akapanda kusamala ziwirizi zimasakanikirana pamsoko.

Zimene zinachitika ku Flixborough

Ku Flixborough, ku England, kunali fakitale yopanga mankhwala opangira nayiloni. Inali ndi matanki 6 olumikizana, momwe munkadutsa madzi oyaka moto otchedwa cyclohexane pa madigiri 155. Thanki iliyonse inali ya chitsulo wamba kunja ndi stainless yopyapyala m'kati. Kumapeto kwa March 1974 anapeza kuti thanki yachisanu yang'aluka, mng'alu wotalika pafupifupi mamita 2. Ofufuza anadzapeza kuti unayambira kunja, pa chitsulo wamba, chifukwa cha madzi okhala ndi mankhwala a nitrate amene ankathiridwa pathankipo. Mwaonatu, mtundu uliwonse wa chitsulo uli ndi mdani wakewake: stainless imaopa chloride, chitsulo wamba chotentha chimaopa nitrate.

Thankiyo anaichotsa, pamalo pake n'kulumikiza paipi yongoyembekezera imene sinawerengeredwe kapena kuyesedwa mokwanira. Loweruka pa 1 June 1974 fakitale inaphulika ndipo anthu 28 anafa.

Chitsanzo china n'cha ndalama. Ku Kashagan, m'nyanja ya Caspian ku Kazakhstan, anayamba kupopa mafuta mu September 2013. Pasanathe milungu ingapo mapaipi anayamba kutulutsa gasi. Gasi wa kumeneko ali ndi hydrogen sulphide wambiri, uja amanunkha ngati dzira lovunda, ndipo anang'alula chitsulo. Ntchito inaima mpaka 2016, atasintha mapaipiwo n'kuikapo okhala ndi chitsulo chosadyeka m'kati.

Amayesa bwanji?

Mng'alu wotere ungatenge zaka kuti uonekere, ndipo palibe amene angadikire zaka 20 asanagule paipi. Ndiye woyesa amachita dala kusonkhanitsa mafuwa atatu aja mulabotale, mwankhanza kuposa momwe zidzakhalire kufakitale, kuti chofooka chionekere msanga.

Njira yoyamba ndi yopinda. Amadula kachidutswa ka stainless ya m'kati mwa paipi, makamaka kodutsa pamsoko, n'kukapinda ngati chilembo U, n'kumanga miyendo yake ndi bawuti. Kumsana kwa U kumakhala kokokeka kwambiri. Akatero amakaviika m'madzi owira a mchere wotchedwa magnesium chloride. Mcherewo umakhala wochuluka moti madziwo amawira pa madigiri 155. Stainless ya 304 imang'aluka m'menemo m'maola owerengeka, pamene zitsulo za nickel wambiri zimapirira. Mayesowa ndi ankhanza, ntchito yake ndi kusiyanitsa mitundu ya zitsulo.

Njira yachiwiri ndi yotengera zenizeni. Apa pali fizikisi ina. Kuno kumapiri madzi amawira asanafike n'komwe pa madigiri 100, cha pa 95 kapena 96, chifukwa mpweya wotipsinja ndi wochepa. N'chifukwa chake nyemba za kuno zimachedwa kupsa kusiyana ndi za ku Salima. Tembenuzani mfundoyo: mukatsekera madzi m'chiwiya cholimba, nthunzi n'kumawapsinja, angafike madigiri 200 kapena 300 osauma. Chiwiya chotere ndi autoclave, mchimwene wake wa ija amaphikiramo zida zachipatala pa madigiri 121. Woyesa amaikamo tizidutswa topindidwa, madzi amchere ofanana ndi amene adzadutse m'paipi, ndi gasi wake yemwe. Mayeso ambiri a mapaipi a mafuta amatenga maola 720, omwe ndi masiku 30. Akatsegula, amadula tizidutswato n'kutiunika pa maikulosikopu.

Njira yachitatu ndi yokoka pang'onopang'ono. Kandodo kachitsulo amakamangirira m'makina amene amakatalikitsa pafupifupi mamilimita 2 pa tsiku, kali m'madzi otentha amchere, mpaka kataduka. Kanzake amakakoka chimodzimodzi koma mumpweya. Ngati ka m'madzi kaduka msanga, kosayamba katalika n'kuning'a pakati monga kanzake, ndiye kuti madziwo ndi oopsa kwa chitsulo chimenecho.

Njira zitatuzi zimawononga chidutswa. Nanga paipi imene yaikidwa kale? Apa amagwiritsa ntchito mawu obwerera, aja mumamva mukakuwa moyang'ana phiri. Kachipangizo kamatumiza m'chitsulo kaphokoso kosamveka ndi khutu, kamene kamayenda pafupifupi mamita 5,900 pa sekondi. Ngati khoma la paipi ndi lochindikala mamilimita 15, kupita ndi kubwera ndi mamita 0.030. Gawani ndi 5,900, mupeza masekondi pafupifupi 0.000005. Mawu akabwerera nthawi imeneyi isanakwane, ndiye kuti agunda china panjira: mng'alu, kapena malo amene stainless yamatuka pa chitsulo chakunja.

Choko ndi palafini

Ife pasukulu tilibe autoclave, tilibenso makina a mawu. Koma pali njira ina yakale imene okonza sitima zapamtunda ankapezera ming'alu pazitsulo: mafuta ndi choko. Zimenezo ndiye mphunzitsi sasowa.

Loweruka tinautulutsa mphika uja panja, kutali ndi moto, ndili ndi ophunzira angapo a kalabu ya sayansi. Tinaukwecha mbali zonse n'kuuyanika padzuwa. Tinasinja choko, n'kuchisungunula m'madzi pang'ono, n'kupaka kunja motsatira msoko wonse. Choko chitauma kuti mbuu, tinapaka palafini m'kati, mbali inayo ya msoko womwewo. Kenako tinakhala pansi n'kumadikira.

Palafini amalowa m'timipata tating'ono kwambiri, monga amakwerera m'chingwe cha koloboyi. Akadutsa mng'alu, choko chouma chimamuyamwa n'kuda. Patapita kanthawi mnyamata wina anakuwa, "Sala, taonani, mizu!" Pachoko choyeracho panatuluka mzere wakuda wotalika ngati chala, wokhala ndi tinthambi mbali ndi mbali. Chapatali pang'ono panatulukanso wina, pamalo amene bambo ophika aja anali asanaonepo dontho. Apa tinamvetsanso chifukwa chake mphika unkalira pamoto pokha: kunsi kukatentha kuposa m'mbali, chitsulo chimakokana ndipo mng'alu umayasamula.

Mphika tinapita nawo kwa wowotcherera. Iye poyamba anati angodutsitsa ndodo pamwamba pa mzerewo. Ndinamuonetsa chithunzi cha tinthambi tija pafoni. Kuwotcherera pamwamba kukanangophimba pakamwa pa mng'alu, mizu n'kutsala m'kati, ndiponso moto watsopano ukanawonjezera kukokeka pamalo odwala kale. Anagwedeza mutu, nati, "Ndiye tidule chigamba chonse, aphunzitsi." Anadula mopitirira pamene nthambi zinathera, n'kuikapo chigamba cha stainless ndi ndodo zake za stainless. Titabwerera tinabwereza mayeso a choko, ndipo chinakhala choyera. Tinautsuka ndi sopo ndi madzi otentha kangapo konse mpaka fungo la palafini litatheratu.

Kukokeka kwa pamsoko sitingakuchotse, ndipo nyemba siziphikidwa popanda moto. Fuwa limene tingathe kuligwedeza ndi mchere. Tsopano mphika umatsukidwa kunja komwe, osati m'kati mokha. Msuzi sugonamo. Mchere amathira madzi atawira kale n'kutakasa, kuti usakakhale pansi. Ndipo akatsukira madzi a klorini, amene ndi ofunika kwambiri nthawi ya kolera, amatsukuluza ndi madzi oyera pomaliza.

Kwa inu amene mukusankha ntchito

Anthu amene amachita mayeso otere si ochokera kumwezi. Ku MUST, ku Thyolo, kuli maphunziro a uinjiniya wa zitsulo ndi zipangizo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ntchito yake ndi kuika miyezo ndi kuyesa katundu. Mafakitale a shuga, mabungwe a madzi ndi malo osungira mafuta onse amafuna munthu wodziwa kumvetsera chitsulo chisanalankhule chokha. Poyambira pake ndi mitu yomweyi mumaiona ngati yongolembera mayeso a MSCE: kufufuma kwa zinthu zikatentha, mawu obwerera, kukwera kwa madzi m'timipata.

Ntchito ya sabata ino nayi. Pezani kapu yadothi kapena mbale yakale imene mukuikayikira, yoti simudzadyeranso. Pakani choko chonyowa kunja, chiume, kenako pakani palafini pang'ono m'kati. Chitirani panja, kutali ndi moto, wamkulu ali pomwepo, ndipo musambe m'manja mukatha. Jambulani zimene zatuluka pachokocho, muyeze kutalika kwake ndi rula. Kenako werengerani funso ili: paipi ya zitsulo ziwiri ija ikakhala ya mamita 6 n'kutenthedwa ndi madigiri 350, kodi stainless ingafune kupitirira chitsulo wamba ndi mamilimita angati? Mayankho mubweretse Lachisanu, ndi njira yonse imene mwadutsa.